Kwa mwana wanga wolemba za mafilimu oopsa

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino. Amayi ako bondo lija likuwavutabe kukazizira, koma kumunda akupita ndithu, samva za munthu.

Zimene umalemba za mafilimu oopsa ndimawerenga zonse, mng'ono wako ndiye amanditsegulira pa foni. Azakhali ako anafika kuno ali ndwii, ati mwana wanu walowa za satana, aona chithunzi cha chigaza pa Facebook. Ndinawayankha kuti fizi yako ya ku sekondale inachokera m'vidiyo sho yanga, ndipo matepi ambiri amene ankadzaza mabenchi anali a mizukwa yomweyo. Ndiye usaope, sindikulembera kuti usiye. Chandilembetsa ndi zimene unatulutsa mwezi wathawu.

Unatenga filimu ina yakale yosadziwika, ndipo kuyambira pamwamba mpaka pansi unangoiseka. Magazi ake ngati Sobo wosungunula, chilombo chake zipi ikuonekera kumsana. Anzako anaseka nawe, inenso pena ndinaseka. Koma chakumapeto unanena wekha kuti pakati unathamangitsa chifukwa inakutopetsa. Apa mpamene ndinaika foni pansi. Mlandu sauweruza utamva mbali imodzi, nanga iwe unaweruza bwanji filimu imene sunaimalize? Filimu yotchuka ili ndi oilankhulira ambirimbiri, iwe ukaiphonya ena akonza. Koma yosadziwikayi, mwina mawu ako ndi okhawo amene wowerenga Chichewa adzawaone m'moyo wake wonse. Ukanena kuti ndi yachabe, kwa iye yafa basi.

Kumbukira Carnival of Souls ya 1962, imene unanditumizira wekha pa flash. Anaipanga Herk Harvey, munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kujambula timafilimu tophunzitsira m'masukulu ndi m'makampani ku Lawrence, m'chigawo cha Kansas ku America. Akudutsa pa galimoto ku Utah anaona chinyumba chakale cha zisangalalo chotchedwa Saltair, chosiyidwa chokhachokha m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo filimu yonse inabadwira pa chinyumba chimenecho. Ndalama zake zinali madola pafupifupi 33,000 okha. Umphawiwo umaoneka: pena mawu sagwirizana ndi milomo, ochita sewero ena ndi osazolowera, ndipo mzukwa wotsata mtsikana mwini nkhaniyo ndi Harvey mwini wake atadzipaka zoyera kumaso. Wofuna kuseka apeza poseka m'mphindi khumi zoyambirira.

Koma dikira mtsikanayo alowe m'sitolo kukayesa diresi. Akutuluka m'kachipinda koyeseramo, phokoso lonse la dziko lazima. Akulankhula ndi wogulitsa, wogulitsa sakumuona. Atuluka panja, magalimoto akudutsa, amuna akukumba msewu, koma zonse zili zii, mpaka kambalame kalira mumtengo ndiye dziko libwerera. Palibe dontho la magazi, palibe chilombo, sanawonongepo ndalama kupatula kuchotsa mawu. Ine munthu wa imvi ndinatembenuka kuyang'ana ngati amayi ako akundionabe. Filimu imeneyi itatuluka anthu sanaisamale, Harvey sanapangenso ina yaitali, ndipo inadzayamba kulemekezedwa itaonetsedwanso mu 1989. Amene anathamangitsa pakati sanafike m'sitolo muja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vidiyo sho inandiphunzitsa kumvetsera anthu kuposa kuyang'ana sikirini, poti ine ndinkakhala pakhomo ndi mbale ya ndalama, tepi iliyonse nditaiona kale mpaka kuiloweza. Kukuwa si umboni. Anyamata amakuwa n'kuseka nthawi yomweyo, kudzionetsa kwa atsikana. Filimu ikagwira anthu zenizeni, m'nyumba mumangoti zii, wogulitsa mtedza amaiwala kuitanira malonda, wofuna kukataya madzi amapirira, umangomva jenereta kuseri. Ikatha, anthu sabalalika msanga. Amaima pakhomo kufunsana kuti kodi inu mukulowera kuti, tiyendere limodzi. Zimenezi n'zimene ndimafuna kuziwerenga kwa iwe: pamene thupi lako linachita tsemwe ndi pati, ndipo wopangayo anachita chiyani kuti zitero. Kodi ndi nyimbo, kodi ndi mdima, kodi ndi chitseko chimene kamera inakana kutsegula? Nkhani yonse usatifotokozere, tikaonera tokha. Ndipo mathero usaulule, chonde. M'vidiyo sho woulula mathero ankatulutsidwa ndi anzake, ine osadzuka n'komwe pampando.

Cholembera chimapweteka munthu. Mu 1960 ku London kunatuluka Peeping Tom ya Michael Powell, amene panthawiyo anali mmodzi mwa akatswiri olemekezeka a ku Britain. Olemba m'manyuzipepala anaitukwana onse pamodzi, ati ndi yonyansa, ndipo ntchito ya bamboyo kwawo inalowa pansi, mpaka anakagwira ina ku Australia. Mu 1979 Martin Scorsese, wopanga mafilimu wotchuka wa ku America, anathandiza kuti filimuyo ionetsedwenso, lero amaiphunzitsa m'masukulu a zamafilimu. Iwe si nyuzipepala ya ku London, ndikudziwa. Koma tsiku lina mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mtandire adzakutumizira yake yojambula pa foni, magazi ake a tomato, ndipo mawu ako adzamulemera chimodzimodzi.

Tsono usapotokere mbali inayo. Pakati pa okonda mafilimu osowawa pali matenda otamanda chinthu chifukwa choti n'chosowa, kapena chifukwa boma lina linachiletsa. Kuletsedwa si satifiketi. Cannibal Holocaust ya 1980, ya Mtaliyana Ruggero Deodato, ili ndi oitama ambiri, koma nyama zimene zimafa mmenemo, kuphatikizapo kamba wamkulu wa m'madzi, anazipha zenizeni pamaso pa kamera, ndipo anthu a m'nkhalango ya Amazon anawaonetsa ngati odya anzawo. Ukafuna kulemba za yoteroyo lemba, koma umuuze wowerenga poyambirira penipeni zimene akakumane nazo, ndipo unene maganizo ako osawopa kuti anzako a pa intaneti akuyesa wamantha.

Pali funso limodzi limene olemba a kunja sangakufunsire: kodi mufilimuyi amene amusandutsa chilombo ndani? Living in Bondage ya 1992, imene inatsegula njira ya mafilimu a ku Nigeria a pa tepi, chilombo chake ndi mwamuna wadyera wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, ndipo mzimu wa mkaziyo sumupatsa tulo. Imeneyo inaloza chala pamalo pake. Koma mwa amene anadzasefukira kuno pambuyo pake, ambiri mfiti yake ndi gogo wosauka wa kumudzi kapena apongozi aakazi, ndipo oonera ena satenga zimenezo ngati sewero. Ife tili m'dziko limene okalamba amamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Mzungu woonera wopopa magazi wa mufilimu amazimitsa TV n'kukagona. Owerenga ako ena anagonapo panja ndi zibonga kudikirira wopopa magazi. Ukamalemba uziwakumbukira amenewo, osati kuwalalikira ayi, koma kungonena poyera filimu ikamanamizira agogo.

Chomaliza ndi cha zidzukulu zanga. Wamkulu uja atabwera pa holide anakana kupita yekha kuchimbudzi usiku, ndipo nditamufunsa bwinobwino anandifotokozera za mayi wa tsitsi lalitali wotuluka mu TV. Ati anasuzumira pachitseko iwe ukuonera. Ika pasiwedi pa kompyutayo, uzivala zomvera m'makutu, ndipo uzidikira agone kaye. Ine ana ndinkawabweza pakhomo filimu ikakhala yotere, ngakhale ndalama ali nayo m'manja.

Upereke moni kwa bambo a kunyumbako ndi ana. Amayi ako akuti mafuta opaka bondo aja atha.

Ndine,
Bambo ako