Chipatala Cha Pa Foni chithandizenso odzibaya mankhwala ozunguza bongo

Akonzi,

Ndiloleni ndipemphe Unduna wa Zaumoyo kuti pa ntchito yoteteza anthu ku HIV ukumbukirenso amene amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, makamaka odzibaya jakisoni. Anthuwa amabwerekana singano, ndipo singano imodzi ikadutsa m'mitsempha ya anthu angapo, kachilombo kamalowa m'magazi popanda chotchinga. Ngakhale zili choncho, kuchipatala saonekako, poopa kunyozedwa pamzere kapena kukaneneredwa kupolisi.

Poyambira tili napo kale. Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo anthu amachiimbira foni pofuna uphungu wa zaumoyo, chidaonetsa kuti Mmalawi amamasuka kufunsa za thupi lake akakhala kuti sakuonedwa nkhope. Alangizi ake ataphunzitsidwa kulankhula ndi anthu amenewa mosawaweruza, angathe kuwauza komwe angapeze PrEP (mankhwala oteteza munthu kuti asatenge HIV), makondomu ndi zipangizo zodziyezera okha magazi, komanso kuwakumbutsa tsiku lokatenga mankhwala.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chinsinsi. M'makomo ambiri foni ndi imodzi, masana ili ndi mwamuna, madzulo ili m'manja mwa mkazi kapena ana, choncho uthenga wotchula HIV ukangotulukira pagalasi, banja lonse ladziwa. Komanso munthu amene chibaba chamugwira amagulitsa foni kapena kuipinyolitsa, uthenga n'kukafikira mlendo. N'chifukwa chake mauthengawo azilembedwa mosatchula matenda, woimba asakakamizidwe kupereka dzina, ndipo boma linene poyera kuti nambala za anthuwa sizidzaperekedwa kwa apolisi. Popanda lonjezo limeneli, palibe amene adzaimbe kachiwiri.

Foni payokhanso siichiritsa chibaba. Anzathu a ku Tanzania adatsegula chipatala cha methadone ku Muhimbili, mumzinda wa Dar es Salaam, mu 2011, ndipo Kenya idatsatira mu 2014. Mankhwalawa amamwedwa tsiku ndi tsiku m'malo mwa mankhwala ozunguza bongo a heroin, motero amathandiza munthu kuchepetsa kapena kusiya kudzibaya. Ku Cape Town ndi ku Durban, bungwe la TB HIV Care lidayamba mu 2015 kugawa singano zatsopano kumalo komwe anthuwa amapezeka. Ndikupempha aphungu athu aunikenso lamulo la mankhwala oopsa kuti chithandizo chotere chiloledwe kuno, mlangizi wapafoni akhale ndi malo enieni otumizako munthu amene waimba.

Wowerenga wokhudzidwa,
Zomba