Mawu aja akuti "a rough patch"

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino. Ndamva kuti zinthu zakuthina ku Leeds kumeneko, ndipo abwana ako unawauza kuti "I'm going through a rough patch". Chingerezicho nchabwino, koma udziwe polekezera pake.

"Patch" ndi kachigawo, ngati chigamba pa malaya, kapena pamalo pokumbika pamsewu wa tala. Wonena mawuwa akuti wafika pa mabampu, koma kutsogoloku msewu uli bwino. Ndi vuto lakanthawi: ndalama kuperewera miyezi iwiri itatu, kusamvana m'banja, timu kugonja masewera angapo motsatizana. Vuto likangoyamba amati "hit a rough patch", ukakhala m'kati mwake ndiye "go through". Usasiye "a" uja, ndipo usanene "path", amenewo ndi mawu ena.

Nkhawa yanga ili apa. Mawuwa ndi ophimba. Mngelezi akawamva amadziwa kuti sukufuna kufunsidwa zambiri, amangoti "sorry to hear that", nkhani yathera pomwepo. Kwa mnzako wa kuntchito nzokwanira. Koma pamene ukufuna thandizo, mawuwa adzakumanitsa thandizolo.

Kwa dokotala tchula chenichenicho: sukugona, sukudya, wakhala choncho masabata angati. Kumeneko ukadwala masiku osapitirira 7 umadzilembera wekha umboni, kupitirira apo abwana amafuna "fit note", kalata yochokera kuchipatala yotsimikizira kuti ukudwala, ndipo dokotala sangailembe pa mawu ozungulira. Kubanki kapena kwa eni nyumba unene kuti uli mu "financial difficulty", kutanthauza vuto la ndalama, uwonjezere ndalama zimene ungathe kulipira ndi tsiku lake. Uwauze tsiku lolipira lisanakwane, osati atakulembera kale kalata.

Pa maliro, mawu a "a rough patch" aja usawayerekeze nkomwe, amapeputsa imfa. Pamenepo mawu ndi "bereavement", ndipo tchuthi chopempha ndi "compassionate leave".

Mwina mnzako wachizungu adzakuuza kuti "a bit of a rough patch". Usanyengedwe ndi "a bit" ameneyo, anthu akumeneko amakonda kuchepetsa mavuto awo polankhula. Kungakhale kuti banja likutha. Umufunse modekha ngati pali chimene ungathandize, kenako umusiye anene yekha.

Koma ine usandiyankhe m'Chingerezi. Undiimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, undiuze bwinobwino chimene chavuta, kaya ndi lendi, kaya ndi thupi, kaya ndi kunyumba kwako.

Ndine mayi ako.