Usamuthawe Einstein, mwana wanga

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti Lamlungu unawaimbira ukulira, ati mayeso a fizikisi sanayende bwino ndipo ukufuna kulisiya phunziroli. Pafoni ndimafulumira kukalipa, umandidziwa, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ati unanena kuti za Einstein sizikulowa m'mutu. Sukunama. Inenso zaka zonse zomwe ndinaphunzitsa sayansi kwathu ku Ntcheu, ndisanabwere kuno ku Joni kudzagwira chiwongolero, nkhaniyi inkandizunguza. Vuto si mutu wako. Mutu wa munthu unakulira pa liwiro la njinga ndi minibasi. Galimoto ziwiri zikamayenda moyang'anizana pa M1, iliyonse makilomita 100 pa ola, zimayandikirana pa 200, ndipo palibe amatsutsa. Kuwala kokha n'kumene kumakana masamu amenewa. Kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo kaya ukukulondola kaya ukukuthawa, ukayeza upeza liwiro lomwelo. Asayansi awiri, Michelson ndi Morley, anafunafuna kusiyanako ku Cleveland, ku America, mu 1887, osakupeza.

Einstein mu 1905 anali ndi zaka 26, akugwira ntchito mu ofesi ya boma ku Bern, ku Switzerland. Iye sanalimbane nako kuwalako. Anati chabwino, liwiro lake silisintha, nanga chimasintha n'chiyani? Anapeza kuti ndi nthawi ndi mtunda. Munthu atakudutsa pa 87 peresenti ya liwiro la kuwala, iwe ukawerenga maola awiri, uona kuti wotchi yake yawerenga limodzi.

Udziwe kuti izi si nthano. Kumwambaku, makilomita ngati 15, cheza chochokera kuthambo chikawomba mpweya pamabadwa tizinthu totchedwa muon. Moyo wa kamodzi ndi waufupi zedi: utagawa sekondi ka miliyoni, iko kamakhala tizigawo tiwiri ndi pang'ono basi. Ndi moyo wotere sikakanayenda ngakhale kilomita imodzi. Koma tambirimbiri timafika pansi pano, tikukupyoza iweyo uli m'kalasi ku Braamfontein, chifukwa kwa ife oyang'ana wotchi yake ikuyenda pang'onopang'ono.

Ngakhale fizi yako imadutsira kwa Einstein yemweyo, useke ukafuna. Katundu amene ndimaperekera anthu ndimapeza nyumba zake ndi GPS. Mawotchi a m'masetilaiti amene GPS imadalira amatsalira chifukwa cha liwiro, komanso amatsogola chifukwa ali kutali ndi mphamvu yokoka ya dziko, zomwe Einstein anafotokoza mu 1915. Ukaphatikiza, amatsogola tizigawo 38 ta miliyoni tija pa tsiku. Akanapanda kukonza, tsiku limodzi lokha foni ikanandisocheretsa makilomita ngati 10, kasitomala akudikira ku Mayfair ine ndikuliza hutala pageti la wina.

Ndiye mvera. Leka kudikira kuti mtima uvomereze kaye ndipo uyambe kuwerengera. Yamba ndi cholembera. Funso lililonse, usanalembe nambala, jambula anthu awiriwo ndipo udzifunse kuti wotchi iyi ndi ya ndani, mtunda uwu wayeza ndani. Ndikukayika kuti mamalikisi ako ambiri anathera pomwepo, posakaniza wotchi ya woyenda ndi ya wotsala. Ukakakamira, pita kwa aphunzitsi ako, usachite manyazi, safunsa anadya phula. Ndipo uleke kuwerenga wekha usiku ngati kadzidzi, peza anzako awiri muzitsutsana.

Sindikukukakamiza kukhala wasayansi chifukwa ine ndinalekera panjira. Ukamaliza chaka chino n'kuona kuti mtima uli kwina, tikhala pansi ndi mayi ako. Koma kusiya chifukwa cha pepala limodzi, ayi, pamenepo ndakana.

Loweruka ubwere ku Rosettenville. Kukakhala kopanda mitambo ndikuonetsa nyenyezi ya Alpha Centauri kummwera. Pambali pake pali ina yosaoneka ndi maso, Proxima, yoyandikira dzuwa lathu kuposa zonse, yomwe Robert Innes anaitulukira mu 1915 konkuno ku Joni, pamalo oonera nyenyezi a ku Observatory. Kuwala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ngati itatu kuti kutipeze. Usipa wafika ndi basi ya dzana, mayi ako akusungira. Pepala la mayesolo ubwere nalo, tikalione limodzi.

Ndine bambo ako.