Ojambula azisankha zithunzi asanazipereke

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chizolowezi chomwe chafala pakati pa ojambula pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo, chotsanulira m'fulashi zonse zomwe kamera yajambula n'kupereka kwa eni mwambo asanaziyang'ane n'komwe. Munthu akatsegula foda ya DCIM, momwe kamera imasungira zithunzi, amapeza zithunzi mazanamazana zotchedwa IMG_0001, IMG_0002 ndi kupitirira apo, zambiri zofanana chifukwa wojambula anadina kangapo motsatizana, zina zachimbuuzi, zinanso mkwatibwi ataphethira. Ndalama timalipira zonse, koma ntchito yosankha imatsalira ife.

Kusankha ndi mbali ya ntchito yojambula, ndipo zida zake sizisowa. IrfanView, yomwe Irfan Skiljan anaitulutsa mu 1996, ndi pulogalamu yopepuka yoyenda ngakhale pa kompyuta yakale, ndipo sifuna intaneti. Batani la T limaonetsa tizithunzi ta foda yonse pamodzi, la F7 limasamutsira chithunzi ku foda ina, ndipo la B limasintha mayina a zithunzi zambiri nthawi imodzi. Ndinene poyera kuti ulere wake ndi wa ogwiritsa ntchito pakhomo, ochita malonda amayenera kugula chilolezo. Amene sangakwanitse atenge pulogalamu ina yotchedwa digiKam, yomwe ndi yaulere kwa aliyense.

Chomwe ndikufuna kutsindika n'chakuti tizithunzi tating'onoto timanyenga. Chithunzi chojambulidwa dzanja likunjenjemera chimaoneka chabwinobwino chikachepetsedwa, ndipo cholakwika chimadzaonekera chitasindikizidwa kale pa pepala lalikulu, ndalama zitapita. Wojambula wosamala amatsegula chithunzi chilichonse pa kukula kwake kwenikweni, amayang'ana maso a munthu ngati akuoneka bwino, kenaka pa zofanana zisanu amasunga chimodzi. Zimatenga nthawi, n'zoona, koma nthawiyo ndi yomwe timalipira.

Mapulogalamuwa amawerenganso EXIF, uthenga wobisika m'chithunzi wonena tsiku ndi ola lomwe chinajambulidwa, motero amatha kundandalika mwambo wonse kuyambira kutchalitchi mpaka kumadyerero, bola wotchi ya kamera ikhale yolondola. WhatsApp imachepetsa chithunzi ndi kuchotsa uthengawu pokhapokha chitatumizidwa ngati dokyumenti, choncho si njira yoperekera ntchito yolipidwa.

Dongosolo likhale m'mafoda enieni otchulidwa chaka, mwezi ndi mwambo, osati m'kati mwa pulogalamu mokha. Google inasiya kusamalira Picasa, pulogalamu yake yosanjira zithunzi, mu 2016, ndipo pulogalamu ina iliyonse ikhoza kutha chimodzimodzi, pomwe foda yotchulidwa bwino imatseguka pa kompyuta iliyonse.

Ndikupempha makomiti okonza miyambo kuti azigwirizana ndi wojambula lisanafike tsikulo kuti adzapereka mafoda awiri, ina ya zithunzi zosankhidwa ndi ina ya zotsala, ndipo ndalama yomalizira iperekedwe eni ake atazionera pa kompyuta.

Wowerenga wanu,
Zomba