Katoni ya mabuku a Star Wars ija usatenge yonse

Aise,

Meseji yako ndaiona m'mawa uno, zithunzi zafika zonse kungoti chachitatucho sichikuoneka bwino, ngati unajambula ukuthamangitsidwa ndi galu kkkk. Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi alamu kumeneko, uwapatse moni. Ndiye wati munthuyo akugulitsa katoni yonse ya mabuku a Star Wars ndipo iwe mtima wadumpha kale ukufuna kunyamula onse? Dikira kaye amwene, ine njira imeneyo ndinayendamo ndipo mabuku ena anandidyera masabata anga omwe sadzabweranso.

Vuto lake ndi loti pachikuto onse amaoneka mofanana, dzina lomwelo la zilembo zikuluzikulu, Luke atanyamula lupanga lake lowala, zombo zikuphulika kumbuyo, ndiye umaganiza kuti mkatimonso ndi chimodzimodzi, pomwe ena ndi chikomekome cha mkuyu chenicheni, mkati muli nyerere zokhazokha. Mabukuwa sanalembe munthu mmodzi ayi, kampani yosindikiza imatenga chilolezo ku Lucasfilm, eni ake a Star Wars, kenako imalemba ganyu olemba osiyanasiyana, aliyense nkupatsidwa malire, Luke usamuphe, Leia usamuphe, Han usamusinthe khalidwe. Tangoganiza wapatsidwa anthu atatu omwe aliyense akudziwa kuti sangafe, ndiye nkhani yako itigwira mtima bwanji? Apa mpomwe olemba amasiyanirana.

Timothy Zahn anazindikira msanga. Heir to the Empire ya 1991 ija ndaiona pa chithunzi choyamba, imeneyo itenge usanafunse nkomwe zambiri, pamodzi ndi anzake awiri Dark Force Rising ndi The Last Command ngati alimo. Nkhani yake ikuchitika patatha zaka 5 chitherere Return of the Jedi, ndipo mkuluyu m'malo mongodalira atatu aja anapanga anthu akeake. Thrawn, mkulu wa nkhondo wakhungu la buluu maso ofiira, alibe Force, mphamvu yodabwitsa ija ya Luke, olo pang'ono koma amakhala pansi nkumayang'ana zojambula ndi zosema za mtundu wa anthu omwe akufuna kumenyana nawo, mpaka adziwe mmene amaganizira ndi pomwe angachite mantha. Mdani woti amakuopsa ndi nzeru basi. Palinso Mara Jade, mkazi yemwe ankatumikira Emperor, mfumu yoipa ija ya mu mafilimu, mobisa ndipo akumusaka Luke kuti amuphe. Ndi anthu oti sudziwa mathero awo ndiye umangotsegula tsamba lina mpaka kunja kukucha. Dzina loti Coruscant lija, likulu lomwe umaliona mu mafilimu a 1999 kupita mtsogolo, linachokeranso kwa Zahn yemweyu.

Bukuli litagulidwa kwambiri a Bantam, kampani yomwe inalisindikiza, anaona kuti apa pali ndalama, mabuku anayamba kutuluka motsatizana ngati mvula, ndipo apa mpomwe zinayamba kusokonekera. Olemba ena poona kuti sangakhudze Luke anangoti basi tikulitse chida. Filimu inali ndi Death Star yophulitsa dziko, ndiye Kevin J. Anderson mu 1994 anabweretsa Sun Crusher, kachombo kakang'ono kophulitsa nyenyezi yonse ndi maiko ake omwe komanso koti sikabooledwa ndi chilichonse. Chaka chotsatira yemweyo anabweranso ndi Darksaber, ulendo uno a Hutt, mtundu wa zigawenga uja, nawo akumanga mfuti yawo ya Death Star. Ukafika pa chida chachitatu sumaopanso, umangoyasamula. Akasowa chida amaba ana a Han ndi Leia, anawo abedwa kambirimbiri moti ine ndinafika pomadzifunsa kuti kodi makolo amenewa zitseko za nyumba yawo zilibe loko?

The Crystal Star ya 1994 ndaionanso mu katonimo, ili pakona. Isiye pomwepo. Ana abedwanso, ndiye pali chinthu china dzina lake Waru, chimulu cha mnofu chokutidwa ndi mamba agolide chochokera ku chilengedwe china, anthu akuchilambira, ndipo Luke akuchita zinthu ngati si Luke yemwe timamudziwa, wofooka wosokonezeka mutu buku lonse. Chondipweteka nchoti wolemba wake Vonda McIntyre sanali wamasewera, anapata mphoto za Hugo ndi Nebula ndi buku lakelake Dreamsnake. Ndiye usamati poti dzina la wolemba ndi lalikulu bukunso likhala bho, munthu atha kukhala katswiri pa dziko lomwe walipanga yekha koma ukamulowetsa m'nyumba ya eni nkumuuza kuti mipando usasunthe amangozungulira osadziwa pokhala.

Pali ena oipa koma okoma kuwerenga, sindinama. The Courtship of Princess Leia, Han akuwina dziko lathunthu pa njuga ya makadi, kenako poona kuti Leia akufuna kukwatiwa ndi kalonga wina akumuba nkuthawira naye komweko. Zopanda mutu zenizeni koma ndinaseka mpaka kumapeto, ndipo afiti a ku Dathomir omwe umawaona mu makatuni aja anayambira m'buku limeneli. Lina ndi Splinter of the Mind's Eye la Alan Dean Foster la 1978, analilemba kuti likhale filimu yachiwiri yotchipa ngati yoyamba ikanapanda kuyenda malonda, nchifukwa chake nkhani yonse ili m'dambo la chifunga ndipo Han mulibemo. Luke m'menemo akumuyang'ana Leia ndi maso achikondi, poti nthawi imeneyo zoti Leia ndi mchemwali wake zinali zisanatuluke, ukawerenga lero thupi limachita tsemwe kkk.

Koma amene ine ndimawakonda kuposa onse ndi a X-Wing, a Michael Stackpole kuyambira 1996 kenako Aaron Allston. Ndi nkhani za oyendetsa ndege zankhondo wamba, anthu oti mu filimu amangooneka masekondi awiri kenako aphulika. Poti palibe anawaletsa olembawa kupha anthu awo, munthu yemwe wamuzolowera, waseka naye machaputala khumi, amangofa pakati pa tsamba popanda kutsanzika, ndipo Allston amatha kukuseketsa ndi kukuliza mu chaputala chimodzi. Ngati Wraith Squadron ya Allston ilimo usaisiye.

Nthawi yoyamba yomwe akuluakulu analola kuti munthu wofunika kwambiri wa mu filimu afe inali 1999 mu Vector Prime, chilolezo chitapita ku kampani ina yosindikiza ya Del Rey. Chewbacca, mnzake wa Han, anafa mwezi utagwera pa dziko lomwe anali, atangomaliza kupulumutsa mwana wa Han. Chiganizocho chinachokera kumwamba koma ukali wonse wa mafani unagwera wolemba R. A. Salvatore. Ine ndinatseka buku nkukhala kaye chete, koma ndivomere kuti kuyambira pamenepo ndinayambanso kuopa ndikamawerenga, ngakhale mndandanda wakewo wa mabuku 19 uli ndi ena otopetsa pakatipa.

Ndisaiwale Revenge of the Sith ya Matthew Stover ya 2005. Mabuku ongotsatira filimu ambiri amangokopera zomwe waona kale, koma ili ndi lokhalo lomwe ndinganene kuti linaposa filimu yake. Mu filimu Anakin amatembenuka kukhala woipa mwachangu ngati wina wadina batani, m'bukumu umakhala m'mutu mwake, masiku osagona, mantha oti mkazi wake afa, mpaka umamvetsa ngakhale sukugwirizana naye.

Za funso lako loti kodi nkhanizi zikadali zoona mu mafilimu atsopano, ayi. Disney itagula Lucasfilm mu 2012 pa madola oposa 4 biliyoni, mu April 2014 analengeza kuti mabuku akale onse akhala Legends, nchifukwa chake ena mu katonimo ali ndi kamzere kagolide pamwamba. Anthu analira heve koma ine sizinandisowetse tulo, Zahn sanasiye kukoma chifukwa cha chilengezo, ndipo Thrawn yemweyo anamubwezanso okha mu 2016. Atsopanowo nawo ndi chimodzimodzi, Lost Stars ya Claudia Gray ndi yabwino, poti nayonso ndi ya anthu awiri atsopano, pomwe Aftermath ndinaisiyira pakati, kalembedwe kake kodukaduka kanandilemetsa mutu.

Ndiye tenga a Zahn atatuwo, a X-Wing onse omwe ungawapeze, Stover, ndi Courtship ngati ukufuna kuseka. Chithunzi chachitatu chija ujambulenso utaima bwinobwino, pali buku lina pansi lomwe ndikulikaikira kuti ndi Traitor, ngati lili lomwelo unditengere, ndidzalipeza tikadzaonana.

Ndine mnzako uja wakalekale.