Kwa mwana wanga, mphunzitsi wa pa intaneti

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, kungoti bondo la bambo ako layambanso ndi kuzizira kuno.

Mlongo wako wandiuza kuti ku koleji akupatsa kalasi ya ODeL, ya anthu ophunzira ali kutali, ndipo ukudandaula kuti ukalowa pa Zoom umangoona mayina pagalasi, ukafunsa funso kuli zii. Usadabwe kuti nkhalamba yomwe inapuma ntchito ikugwira choko ikulowerera nkhani za makompyuta. Maphunziro akutali sanabwere ndi COVID-19, ngakhale ambiri anawadziwa pomwe boma linatseka sukulu mu March 2020. Malawi Correspondence College inayamba kale mu 1965, ndipo ine satifiketi yanga ya Fomu 4 ndinaipeza kudzera m'maseti a maphunziro obwera pa positi, nthawi ya ma DEC, masukulu a maphunziro akutali aja omwe pambuyo pake anasanduka ma CDSS. Choncho mbali ya wophunzira wakutali ndimaidziwa.

Ukamakonza phunziro, usaganize za wophunzira wa ku Area 47 yemwe ali ndi laputopu ndi Wi-Fi. Ameneyo akhoza ndi mphunzitsi aliyense. Ganiza za mphunzitsi wa pulayimale wa ku Nthalire kapena namwino wa ku Makanjira, yemwe foni yake ndi yosweka galasi, amakatchajitsa pa sola kumsika, ndipo netiweki amaipeza atakwera pachulu. Ameneyu akaweruka amayamba waphika, wasambitsa ana, buku amalitsegula anthu atagona. Ola limodzi la Zoom limameza bandulo ya ma MB mazanamazana, pomwe mawu ojambula a mphindi khumi pa WhatsApp amadya ochepa chabe. Ndiye phunzirolo uziligawa m'tizidutswa, ujambule mawu ako, uike pa Moodle, tsamba loikapo maphunziro lija, pamodzi ndi manotsi opepuka oti munthu atsitse kamodzi n'kumawerenga netiweki palibe. Kukumana pa Zoom kukhale kwa mafunso ndi kukambirana basi, ndipo wolephera kulowa asaluze malikisi. Za kukakamiza anthu kuyatsa kamera, zisiye. Ena akuphunzirira m'chipinda chimodzi chomwe banja lonse limagonamo, ndipo sakufuna anzawo aone.

Masiku operekera ntchito uziwalengeza koyambirira kwa semesita, ndipo khomo lizikhala lotseguka masiku angapo. Sunaiwale momwe tinakhalira mumdima namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022. Munthu asalephere mayeso chifukwa magetsi anazima 11 koloko usiku.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi kuchonga. Nthawi yathu unkatumiza ntchito, n'kudikira milungu ingapo, tsiku lililonse kufunsa ku positi. Envelopu ikabwera, sindinkathamangira malikisi ayi, ndinkayamba ndi zomwe wochongayo walemba m'mphepete ndi cholembera chofiira. Panali wina, nkhope yake sindinaione mpaka lero, yemwe ankalemba kuti apa waganiza bwino, koma bwerera ku tsamba lakuti ukaonenso. Mawu ochepawo ndi omwe anandisunga pasukulu. Anzanga omwe ankangolandira chizindikiro cha cholondola kapena cholakwa anasiya mmodzimmodzi, ngakhale ena anali anzeru kundiposa. Wophunzira wakutali amadziwa kuti ali ndi mphunzitsi pokhapokha ntchito yake ikabwerera ili ndi mawu a munthu. Iwe positi sukudikira, ndiye sabata isamathe usanabweze. Mutchule dzina, umuuze chimodzi chomwe wachita bwino ndi chimodzi choti akonze. Ngati ali ochuluka, jambula mawu, pakamwa pamafulumira kuposa zala.

Ndamva kuti Moodle imaonetsa tsiku lomwe aliyense analowa komaliza. Uziyang'anamo Lachisanu lililonse. M'kalasi mwanga mwana akajomba ndinkaona desiki yopanda munthu, koma kwa iwe munthu amangosowa mwakachetechete. Wakhala milungu iwiri osaoneka, muimbire, kapena utume kalasi repu. Kawirikawiri upeza kuti ndi maliro, matenda kapena fizi, ulesi si kwenikweni.

Za kubera ndi ChatGPT zomwe unkadandaula pa Khirisimasi, ine ndikuti funsa mafunso omwe yankho lake lili pamalo pomwe munthuyo ali. Afotokoze za sukulu yake, chipatala chake, msika wa kwawo. Ukakayika, muimbire mphindi zisanu akufotokozere zomwe walemba. Wolemba yekha sachita chibwibwi.

Pa gulu la WhatsApp uike maola oyankhira, ukatero uwasunge. Ukayankha mmodzi pakati pa usiku, mawa lake akhala makumi awiri, ndipo ana ako adzakula akuona kumbuyo kwa foni.

Bambo ako akuti ukamabwera pa holide uwatengere mafuta opaka aja. Upereke moni kwa bambo a ana.

Ndine mayi ako.