Mukamagulitsa galimoto yomwe munaisintha, nenani zonse

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga ogulitsa magalimoto pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp. Ine ndikugulitsa ka Mazda MX-5 kanga, kaja ka mipando iwiri kotsegula denga, ka mtundu woyamba uja unatuluka 1989, magetsi ake amachita kudzuka pa boneti ukayatsa. Ku Japan ankakatchula Eunos Roadster. Injini ndi 1.6 basi koma poti nkopepuka, sikafika ndi tani imodzi yomwe, ukakaponda pa msewu wa ku Salima denga lili pansi mphepo ya kunyanja ikukuwomba kumaso umamva kukoma kwake.

Chomwe chikundipweteka ndi ichi. Pomwe ndimakagula, mwini wake anangoti "kali bho, kotsitsa pang'ono." Sananene kuti masipuling'i anachita kudula ndi gilayinda kuti kagalimotoko katsike pansi. Sabata yoyamba ndinagunditsa sampu, mokhala oyilo kunsi kwa injini, pa hampu, oyilo yense pansi, ndipo makaniko atalowa kunsi anapezanso dzimbiri m'mbali kutsogolo kwa matayala akumbuyo chifukwa timabowo totulutsa madzi a padenga tinatsekeka ndi matope, ndiye dzinja lonse madzi amangokhala momwemo kudya chitsulo. Zinanditengera miyezi kuti ndikonze, zipangizo kuchita kuitanitsa ku Joni.

Panopa aliyense wobwera kudzakaona ndimamuuza kuti ekizozi si yomwe kanabwera nayo, marimu ndinasintha, mashoko ndi masipuling'i ndi atsopano, denga lansalu ndinasoketsa ndipo mvula ikakula limadontha pang'ono mbali ya dalaivala. Zakale zomwe ndinachotsa zili m'katoni, akutenga nazo. Madobadoba akundinena kuti ukuthamangitsa makasitomala iwe, ungoti "full option" basi. Ayi ine sindingatero, munthu akukayendetsa mwana wake kapena mkazi wake mmenemo, ndiye ndimubise za mashoko?

Komanso tisamanamizane pa mtengo. Ndalama yomwe unathira pa marimu ndi mawofa siibwera yonse pogulitsa, unagulira mtima wako, wogula mwina sakuzifuna nkomwe. Ndipo ngati unasintha injini kapena penti, kakonzetse mu bulu buku usanalandire ndalama ya munthu, asakavutike yekha pa rodibuloko kapena pokapangitsa COF.

Kanga ndakonzeka kudikira mpaka apezeke wobwera ndi makaniko wake, alowe kunsi ndi tochi aone yekha.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe